Nthambo ya Magetsi ndi Mpope wa Madzi Zisagone Pamphasa Imodzi

Kuyambira m'caka ca 2012, pamene Boma linapatula Sinda kucokera ku maboma a Katete ndi Petauke, ndiponso Vubwi kucokera ku boma la Chadiza, nchito ya zomanga-manga yakula ndithu m'dera lino la Cigawo ca Kum'mawa. Boma latsopano lifuna maofesi, nyumba za anchito, masitolo ndi nyumba zogona alendo. Nchitoyi inakulirakulira m'caka ca 2022, pamene ndalama za citukuko za Constituency Development Fund zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu wa Nyumba ya Malamulo. Pa nthawi imeneyo maboma atatuwa anali ndi madera asanu otere: Mkaika ndi Milanzi ku Katete, Sinda ndi Kapoche ku Sinda, ndiponso Vubwi. Ndalamazi ndi zimene ziri kumanga zipinda zophunziriramo, nyumba za aphunzitsi, zipinda zocirira amai ndi mathanki a madzi.

Nyumba imene makolo athu anali kumanga, ya mitengo ndi dothi ndi denga la udzu, inalibe kanthu kobisika m'cipupa cace. Nyumba ya lero iri ndi zambiri zimene diso siliona: nthambo za magetsi, mipope ya madzi ozizira ndi otentha, mpope wa zonyansa, nthambo ya wailesi ya kanema, nthambo zocokera ku sola, ndipo m'nyumba zina mulinso kampope ka gasi wophikira. Zonsezi zimapita m'cipupa cimodzi, m'denga limodzi, ndipo kawiri-kawiri m'ngalande imodzi. Akulu anati walira mvula walira matope. Tinalira magetsi ndi madzi a m'mipope, ndipo zafika. Tsopano tiyenera kuphunzira kuzikhazika bwino kuti zisatibvulaze.

Malamulo acokera kuti?

Kampani ya ZESCO, imene inayamba nchito m'caka ca 1970, imabweretsa magetsi kufika pa mita. Nthambo zonse za kuseri kwa mita ndi udindo wa mwini nyumba. Bungwe la Energy Regulation Board ndilo liyang'anira nkhani za magetsi ndi gasi m'dziko muno, motsata malamulo amene Nyumba ya Malamulo inakonzanso m'caka ca 2019, ndipo bungwe la Zambia Bureau of Standards liri ndi buku la miyezo yolumikizira nthambo m'nyumba lochedwa ZS 791. Mmisiri ali yense wa magetsi ayenera kulidziwa bukuli.

Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, ndipo masoketi athu a mano atatu ndi ofanana ndi a ku Britain. Amisiri ambiri a m'Zambia anaphunzira nchito yao motsata malamulo a dziko limenelo, amene anasindikizidwa koyamba m'caka ca 1882, ndipo kuyambira 1992 amachedwa BS 7671. M'buku limenelo muli cigawo ca 528, cimene cinena za nkhani yathuyi yokha: m'mene nthambo ya magetsi iyenera kukhalira pafupi ndi mipope ndi nthambo za nchito zina. Miyeso imene tichule pano ndi ya m'mabuku a ku Britain amenewa. Mwini nyumba akaidziwa, adzatha kufunsa mmisiri wace mafunso oyenera.

Cifukwa ninji madzi ndi oopsya?

Cimene cimapha munthu ndi kucuruka kwa magetsi amene apyola m'thupi lace, makamaka akadzera pa mtima. Kucurukaku kumayesedwa m'maampeya. Ketulo ya mawati 2,000 imakoka pafupi-fupi maampeya 9. Koma magetsi ocepa kuposa amenewo ka 300, ndiko kuti mamiliampeya 30, ayamba kale kukhala oopsya kwa munthu ngati apitirira kuyenda m'thupi. Ngakhale asanafike pamenepo, minofu ya dzanja imauma, kotero kuti munthu amene wagwira cinthu ca magetsi amalephera kucitaya.

Khungu louma limachinga magetsi pang'ono. Khungu lonyowa silichinga kweni-kweni. Mai amene ali kucapa pa mpope, wosabvala nsapato, ataima pa simenti yonyowa, ndiye njira yapafupi imene magetsi angadzere popita m'nthaka. Ngati nthambo yosupuka yakhudza mpope wa citsulo kudenga kapena m'cipupa, mpope wonsewo umakhala ndi magetsi, kuyambira pa thanki kufikira pa kampope ka kubwalo pamene ana amatunga madzi. Bvuto lingakhale m'cipinda cimodzi, koma ngozi ikagwera munthu amene ali kutali ndi cipindaco.

Nthambo pamwamba, mpope pansi

Lamulo loyamba ndi la malo. Pamene nthambo ya magetsi ndi mpope wa madzi ziyenda mbali imodzi, nzeru ndi kuika nthambo pamwamba, mpope pansi. Mpope umadontha pa mfundo zace ukakalamba, ndiponso mpope wa madzi ozizira umacita thukuta m'nyengo ya mvula. Madzi satsika cokwera. Buku la malamulo linena kuti ngati nthambo ikakamizika kudzera kunsi kwa mpope wotere, iyenera kuchinjirizidwa kuti madontho asaifike. Ndiye cifukwa cace bokosi la mabureka, soketi kapena mfundo ya nthambo siziyenera kukhala kunsi kwa thanki, kunsi kwa giza, kapena kunsi kwa sinki popanda cochinga.

Lamulo laciwiri ndi la mpata. Nthambo ndi mpope ziyenera kukhala motalikirana mokwanira kuti munthu wokonza cimodzi asaononge cinzace. Pulamba akabwera ndi sowo, sipanala kapena moto wace, sayenera kupeza nthambo yamangiriridwa ku mpope umene afuna kudula. Cizolowezi comangirira nthambo ku mpope ndi waya kapena mphira, ngati kuti mpopewo ndi mtanda woyanikapo zobvala, ncoipa. Coipanso ndi kusema mzera umodzi m'cipupa ndi kukwiriramo zonse ziwiri pamodzi pofuna kupulumutsa simenti.

Lamulo lacitatu ndi la kutentha. Cikopa ca pulasitiki ca nthambo wamba za m'nyumba cinapangidwa kuti cipirire kutentha kosapitirira madigiri 70. Nthambo yokha imafunda pamene magetsi ayenda. Ikagona pa mpope wa madzi otentha wocokera ku giza, kapena pafupi ndi cumuni ca khichini, kutenthako kumaonjezeka, cikopa cimauma, cimang'aluka, ndipo patapita zaka waya wa m'kati amakhala pa mtunda. Kunsi kwa malata m'mwezi wa Okutobala kumatentha kale. Nthambo isagone pa malata, ndipo isadzere pa m'mphepete mwace mwakuthwa popanda kondyuti, ndiye paipi yoikamo nthambo. Kondyuti imathandizanso pa makoswe, amene amakonda kutafuna cikopa ca nthambo m'denga.

Njira zodziwika m'cipupa

Nthambo ikalowa m'pulasitala siionekanso. Pulamba wodzaika sinki caka ca mawa, kapena kalipentala wodzakhoma shelefu, adzadziwa bwanji pamene yadzera? Malamulo anayankha funsoli poika njira zodziwika. Nthambo yokwiriridwa mosazama mamilimita 50 iyenera kuyenda coongoka, kukwera kapena kutsika kapena copingasa, kucokera pa swichi kapena soketi. Kapena iyende m'kati mwa mamilimita 150 kucokera pamwamba pa cipupa, kapena kucokera pa ngodya pamene zipupa ziwiri zikomana. Motero munthu akaona soketi adziwa kuti pamwamba pace, pansi pace ndi m'mbali mwace sakhomapo msomali.

Mmisiri amene adutsitsa nthambo copendekera, kucoka pa ngodya ina kunka pa inzace, kuti apulumutse mamita awiri a waya, wachera msampha umene udzakola munthu wina. Inu eni nyumba, imani pamenepo tsiku losema zipupa, ndipo muone ndi maso anu. Foni ya m'manja imene muli nayo ijambule cipupa ciri conse pulasitala asanamatidwe. Zithunzi zimenezo zidzakhala mapu a nyumba yanu kwa zaka zambiri.

Mpope si nthambo ya earth

Pa mfundo iyi ambiri amasokonezeka, pakuti malamulo anena zinthu ziwiri zooneka ngati zitsutsana. Coyamba, mpope wa madzi a kampani kapena wa gasi usagwiritsidwe nchito ngati earth ya nyumba. Caciwiri, mpope wa citsulo wolowa m'nyumba kucokera m'nthaka uyenera kulumikizidwa ku earth ya nyumba ndi nthambo yokhuthala ya mtundu wobiriwira ndi wacikasu, pafupi ndi pamene walowera, m'kati mwa mamilimita 600 ngati nkotheka.

Tanthauzo lace nali. Nyumba iyenera kukhala ndi earth yace-yace, yoyesedwa ndi makina. Kale anthu anali kudalira mpope wa citsulo cifukwa unali kuyenda mtunda wautali m'nthaka. Lero mipope yambiri ndi ya pulasitiki yakuda, ndipo ngakhale pamene pali citsulo, tsiku lina mwini nyumba kapena anchito a Eastern Water and Sanitation Company angadule cigawo cobooka ndi kuikapo pulasitiki. Pulasitiki siipititsa magetsi. Nyumba imene inali kudalira mpope umenewo imatsala yopanda earth, mwini wace osadziwa. Koma kulumikiza mpope wa citsulo ku earth yeni-yeni kuli ndi nchito yina: nthambo yosupuka ikakhudza mpopewo, magetsi amapeza njira yotakata yothawiramo, bureka imagwa, ndipo munthu wogwira mpope ndi dzanja lina ndi citofu ndi dzanja lina sakhala mlatho pakati pa ziwirizo.

Dziwaninso kuti bureka wamba ya maampeya 20 kapena 32 inaikidwa kuti iteteze nthambo kuti isapse. Siimva magetsi ocepa amene angaphe munthu. Cimene cimamva ndi ciwiya cochedwa RCD, cimene ena amati earth leakage. Ico cimayerekeza magetsi opita ndi obwerera, ndipo cikaona kuti mamiliampeya 30 asocera, cimadula magetsi sekondi isanathe. Ciri ndi kabatani koyesera, kamene kayenera kudinizidwa kamodzi pa miyezi isanu ndi umodzi. Cipinda cosambiramo, masoketi, ndi pampu ya madzi zisakhale zopanda ciwiya cimeneci. Cikamagwa-gwa, ciri kukuuzani kuti penapace pali bvuto. Mmisiri amene acicotsa kuti cisabvute wacotsa mlonda pakhomo.

Ngalande ya ku mjigo

M'midzi yambiri ya Katete, Sinda ndi Vubwi, ndiponso m'masukulu ndi m'zipatala zazing'ono, madzi tsopano amakokedwa ndi pampu ya magetsi kapena ya sola kucokera mu mjigo kupita m'thanki. Pamenepa nthambo ndi mpope zipita kumalo amodzi, ndipo munthu ali yense angaganize zokumba ngalande imodzi. Kukumba m'nthaka youma ya mwezi wa Ogasiti ndi nchito yowawa, ndipo palibe amene afuna kukumba kawiri.

Koma kumbukirani kuti mpope ndiwo umabooka kawiri-kawiri, ndipo ukabooka anthu amabwera ndi makasu ndi mapiki, nakumba m'matope. Ngati nthambo yagona pamodzi ndi mpope, piki yofuna mpope idzapeza nthambo. Amisiri osamala amakumba ngalande ziwiri, kapena imodzi yotakata, nthambo mbali yina, mpope mbali yina, ndi dothi pakati. Nthambo ya pansi iyenera kukhala ya cikopa ca zitsulo yopangidwira nchito imeneyo, kapena ikhale m'paipi yolimba. Igone pa mcenga wopanda miyala, mozama kotero kuti khasu kapena pulawo siingaifike. Ambiri amakumba theka la mita kapena kupitirira, ndipo m'munda kapena m'dimba amazamitsanso. Pamwamba pace, dothi lisanadzaze, payalidwe lamba wa cenjezo wa pulasitiki, kuti wokumba aone lambayo asanafike pa nthambo. Nthambo yopyapyala ya m'nyumba yolumikiza-lumikiza ndi tepi, yongokwiriridwa ndi phazi, ndi imfa yodikira mvula yoyamba.

Pamene nthambo ya magetsi ikomana pansi ndi nthambo ya lamya kapena ya intaneti, malamulo afuna mpata wosacepera mamilimita 100, kapena cochinga colimba pakati pao. Ngalande ya magetsi isadzerenso pa dzenje la zonyansa, pakuti pamenepo nthaka imakhala yonyowa ndipo imatitimira.

Gasi walowa m'khichini

Pa 29 Febuluwale 2024, Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo mabanja ambiri anagula masilinda a gasi, masola ndi majenereta. Zinthu zimenezi zinalowa m'nyumba zimene zinamangidwa popanda kuziganizira.

Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya umene tipuma. Akaturuka pa mfundo yobooka sakwera kudenga. Amatsika, nakhala pansi ngati madzi osaoneka, m'kabati, m'ngalande ndi m'dzenje liri lonse. Kamoto kakang'ono kamene kamathetheka m'kati mwa swichi kapena soketi nkokwanira kumuyatsa. Malamulo a gasi a ku Britain afuna kuti mpope wa gasi ukhale mamilimita 25 kapena kuposa kucokera pa nthambo, swichi kapena soketi, ndiponso mamilimita 150 kapena kuposa kucokera pa mita ndi bokosi la mabureka. Kampope ka gasi kasalowe m'kondyuti kapena m'bowo limodzi ndi nthambo, ndipo silinda isaimikidwe pafupi ndi soketi ya m'munsi. Mukamva pfungo la gasi, musayatse kapena kuzima swichi iri yonse. Tsekani silinda, tsegulani zitseko ndi mazenera, ndipo turukani.

Nthambo zazing'ono, sola ndi jenereta

Nthambo ya dishi ya kanema, ya lamya, ya intaneti kapena ya belu inapangidwira magetsi ofooka, ndipo cikopa cace ncopyapyala. Malamulo aletsa kuilowetsa m'kondyuti imodzi ndi nthambo ya mavoti 230, pokhapo ngati nthambo zonse ziri ndi cikopa cokhoza kupirira mavoti akuluwo, kapena pali cochinga pakati. Zikakhudzana, mavoti 230 angafike pa kacitsulo ka kuseri kwa wailesi ya kanema kamene mwana amagwira. Ngakhale zisakhudzane, kuyenda pamodzi mtunda wautali kumasokoneza cithunzi ndi mau.

Nthambo zocokera ku sola ziri ndi khalidwe lace-lace. Dzuwa likawala zimakhala ndi magetsi, ngakhale swichi yaikuru ya nyumba itazimidwa, ndipo moto wa magetsi a mtundu umenewu ukathetheka pa mfundo yosamanga bwino suzima msanga. Zikhale ndi kondyuti yao, yolembedwa bwino, kutali ndi mipope, kuti pulamba wokwera kudenga asanyengedwe kuti zonse zazima. Jenereta kapena inveta isalumikizidwe ku nyumba mwa kungoilowetsa m'soketi. Pafunika swichi yosinthira imene imapatula nyumba ku nthambo za ZESCO. Popanda iyo, magetsi anu amabwerera ku mtengo wa kunja, kumene wanchito angakhale atagwira nthambo poganiza kuti ndi yakufa.

Mutu umodzi susenza denga

Zolakwa zambiri zimabadwa cifukwa amisiri amabwera masiku osiyana. Womanga amatsiriza cipupa, wa magetsi amasema njira zace Lolemba, pulamba amafika Lacinai napeza kuti malo abwino atengedwa, ndipo amadutsitsa mpope pamene paphweka. Mankhwala ace ndi kuwakhazika pamodzi nchito isanayambe, pulani iri patsogolo pao, kuti agwirizane: thanki ndi giza zikhala apa, bokosi la mabureka apo, mipope idzera mbali iyi, nthambo mbali iyo. Pulani imene mupereka ku khonsolo ya Katete, Sinda kapena Vubwi ndi poyambira pabwino pa kukambirana kumeneku.

Makomiti a citukuko a m'mawadi, akulu a masukulu ndi oyang'anira zipatala ali ndi udindo woposa wa mwini nyumba wamba, pakuti m'nyumba zimene alandira mudzalowa ana mazana ndi amai oyembekezera. Asasaine kuti nchito yatha asanaone zotsatira za mayeso a nthambo ndi a earth, zolembedwa pa pepala ndi amene anayesa. Safunsa anadya phula. Funsani mmisiri setifiketi yace ya TEVETA, monga imene amalandira ophunzira a pa Chipata Trades Training Institute, ndiponso ngati analembetsa ku Engineering Institution of Zambia. Mmisiri weni-weni sakwiya pofunsidwa mapepala.

Ngati nyumba inamangidwa kale, pali zizindikiro zimene siziyenera kunyozedwa: mpope kapena sinki imene imanyerenyetsa dzanja, banga la cinyezi pafupi ndi soketi, pfungo la pulasitiki yopserera, ndi bureka imene imagwa mvula ikagwa kapena giza ikayatsidwa. Mpope wonyerenyetsa si cinthu cosekera kapena cozolowera. Zimani swichi yaikuru, letsani ana kufika pamenepo, ndipo itanani mmisiri tsiku lomwelo.

Munthu akagwidwa ndi magetsi, musamgwire ndi manja, pakuti mudzagwidwa naye pamodzi. Thamangirani ku swichi yaikuru. Ngati iri kutali, mkankheni ndi mtengo wouma mutaima pouma. Pambuyo pace mtengereni ku cipatala ngakhale aoneke ngati ali bwino, kaya ku St Francis' ku Katete, ku Nyanje ku Sinda, kapena ku cipatala ciri conse ca pafupi, cifukwa magetsi amatha kusokoneza kugunda kwa mtima ndi kutentha mnofu wa m'kati pamene khungu lionetsa kabala kakang'ono cabe.

Nyengo ino ya cilimwe, pamene alimi agulitsa cimanga, nshawa, soya ndi thonje, ambiri adzagula simenti ndi malata, ndipo zipupa zatsopano zidzakwera m'mbali mwa mseu wa Great East ndi m'midzi ya kutali. Kondyuti yoonjezera, ngalande yaciwiri ndi ciwiya ca RCD zidzaonjezera pang'ono pa mtengo wa nyumba. Kugumula cipupa comata kale kuti mupatule nthambo ndi mpope kudzadya ndalama zambiri kuposa pamenepo, ndipo pali zotayika zina zimene ndalama siibweza. Nthawi yoyang'ana ndi pamene mizera ikali yotseguka, womanga asanatenge cipande cace ca pulasitala.